Kapoto ka Alamu Anga a Zakeyo

Munali mu 1986, ine ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, pamene alamu anga a Zakeyo Mwale anafika pakhomo panga ku Matero, mu Lusaka. Anabwera ndi sutikesi, chipewa ndi mimba yawo. Anati akhala mpaka mvula ithe. Tawaika m'manda sabata yatha.

Pamaliro anthu analankhula zambiri. Abusa anati anali munthu wodziletsa. Amayi a kutchalitchi anati anali atate wa aliyense. Ine sanandipatse mpata, poti ndine mkamwini chabe, ngakhale tenti anaikhoma pakhomo panga. Ndiye ndilemba. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma zimene ndinaona ndinaziona.

A Zakeyo anali alongo ake a mkazi wanga Esinati, aakulu. Makolo athu tonse anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito, ndipo mwambo anabwera nawo: ana ndi akuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Ine ndine womanga. Nyumba iyi ndinaimanga ndekha, buloko ndi buloko. Koma mwana akalakwa, Esinati ankati tidikire amalume ake. Kachipinda kakuseri kamene anagonamo zaka zonsezi ndinamanganso ndine. Sindinamangire iwo.

Ntchito yawo anali mesenjala wa khoti laling'ono. Mesenjala amaima chilili mpaka mlandu uthe. Iwo zinkawakanika. Mimba inkatupa ngati ng'oma, kupotokola, kenako kutsegula. Sabata ina nkudzimbidwa, osatuluka kanthu. Anapuma ntchito asanakalambe. Kuchipatala anawapima magazi ndi chimbudzi, anawaunika, sanapeze chilonda kapena njoka. Adokotala anawauza kuti matumbo awo ndi athunthu koma sachedwa kupsa mtima, choncho ayang'anitsitse zimene amadya, ndipo akadzaona magazi kapena kuyamba kuonda abwerere msanga. Kwa ine zimenezo zinatanthauza kuti munthu sakudwala. Kwa Esinati zinatanthauza kugula kapoto.

Kanali kakang'ono, ka chogwirira chimodzi, ndipo chivundikiro chake chinali mbale yakale yachitsulo. Kapoto kameneko kankayamba kukhala pambaula, makala akali amphamvu. Poto wa tonsefe ankadikira.

Munthu amene wakhala m'khoti sachokamo. A Zakeyo ankazenga milandu zakudya. Atangofika anasiya zonse, nkumadya phala, nsima ndi nkhwani wowiritsa ndi mchere, umene kuno amati chibwabwa. Anachita zimenezo mpaka mimba inakhala chete. Ndiyeno anayamba kuitana zakudya chimodzichimodzi. Lero kabichi yekha, pang'ono. Akatero ankadikira, chifukwa ankati khoti la m'mimba limachedwa, chigamulo chimatha kubwera mawa lake. Mimba ikavuta, sankagamula msanga. Ankabwerera ku phala, nkudzaitananso kabichi yemweyo tsiku lina. Ankati mboni imodzi simangitsa munthu. Tsiku limene akwiya kapena sanagone bwino sankazenga mlandu uliwonse, poti masiku otero mimba inkanamizira ngakhale madzi.

Nyemba zinamangidwa moyo wonse. Kabichi chimodzimodzi. Mkaka, mabanzi ndi mowa wamasese zinatsatira. Mango anawapatsa belo: limodzi, osati awiri. Mpunga, nthochi, therere ndi dzira lowiritsa anazimasula.

Kapenta, tinsomba touma tija, anakhala m'ndende nthawi yaitali wosalakwa. Tsiku lina anyezi anasowa pamsika, Esinati nkuphika kapenta ndi tomato yekha. A Zakeyo analawa poyesa apilo. Mimba zii. Anayesanso, zii. Ndiye anaitana anyezi payekha, ndipo tsiku limenelo kuchimbudzi kunalibe mpata wa wina aliyense. Atachira anatenga kapenta mmodzi m'mbale, kumuyang'ana, nkuvula chipewa.

"Pepani bambo," anatero. "Tinakumangani chifukwa cha anzanu oyenda nawo."

Ana anaseka mpaka kugwa pansi. Ine ndikanena nthabwala ana ankayang'ana amayi awo kaye.

Tsopano muganize kuti zimenezi zinkachitika zaka ziti. Ufa unali wa pamzere. Mafuta ophikira, amene kuno timati saladi, ankagulitsidwa m'kachivundikiro ka botolo. Sopo kunalibe. Makampani ankatseka, ndipo anthu anasiya kumanga nyumba. Ine ndinkazungulira m'mayadi, kwa anthu olemera, ndi chipande changa chomangira kufunsa ngati pali mpanda wogumuka. Komboni yonse inkadya nyemba ndi kabichi, ndipo amene wazipeza ankathokoza Mulungu. M'nyumba mwanga mokha ndi mmene munali munthu wokana nyemba.

Ndinali ndi nkhuku ziwiri. Imodzi yokha ndiyo inkaikira. Tsiku lina ndinabwera ndi njala, nditagwira ntchito yokumba maziko kwa munthu amene sanandipatse ngakhale tiyi. Ndinaona Esinati akuika dzira m'kapoto.

"Amake Misozi, dzira limenelo likupita kuti?"

"Mukudziwa kumene likupita."

"Nkhuku ndi yanga."

"Inu mimba yanu ndi wilibala, imanyamula chilichonse. Nyemba zilipo, idyani. Achimwene adye chiyani?"

A Zakeyo anali pakampando kawo pansi pa mpapaya. Sanatembenuke nkomwe.

"Alamu, tisinthane. Tengani dzira, mutengenso mimba."

Ndinadya nyemba. Kuyambira tsiku limenelo mazira ndinkawaona onse, lililonse kumene lapita.

Sindinganene kuti anali mlesi. Analima nkhwani ndi therere kuseri kwa nyumba, ndipo pamzere wa ufa ankapita ndi iwo. Koma taonani izi. Mimba ikawagwira pamzere, ankasiya chipewa pansi, pamwamba pake mwala, nkupita. Amayi a pamzere ankachikankha chipewacho ndi phazi mzere ukamayenda. Wina akafuna kulowerera ankamukalipira kuti apa pali ba Mwale. Ine ndinachokapo kamodzi kukamwa madzi. Pobwera anandiuza kuti sanandionepo chibadwire.

Mbiri yawo inafalikira. Anthu otupa mimba ankabwera kudzakhala pansi pa mpapaya wanga, kumwa madzi anga. Ankafuna awauze zoti asiye kudya. Iwo ankakana. Ankati chimene chamanga iwo chikhoza kukhala bwenzi la wina, aliyense atsegule khoti lake. Ankawaphunzitsa kazengedwe kokha. Wina akatchula magazi, ankamuimiritsa pomwepo nkumuperekeza kuchipatala. Ine ndamanga nyumba zimene zikuimabe mpaka lero. Palibe anabwerapo kudzafunsa mmene ndimayalira njerwa.

Tinakangana kwambiri pa nkhani ya maliro. Kumaliro m'komboni amaphika nyemba ndi kabichi. A Zakeyo ankapita atadyeratu, m'thumba la jekete muli nthochi ziwiri. Ndinawauza kuti akutichititsa manyazi, chifukwa wokana chakudya cha mwini nyumba amakhala ngati akumunena kuti ndi mfiti. Anandiyankha kuti a Matero akuwadziwa. Zinali zoona. Koma Lusaka si Matero yokha.

Mwana wanga woyamba, Misozi, anakwatiwa ndi mnyamata wa Chibemba dzina lake Mulenga. Amayi ake a mnyamatayo ankakhala ku Chawama, ndipo onse ankawatchula bana Mulenga. Anali mayi wamtali, wogulitsa makala, wosaopa munthu. Pa tsiku la ukwati iwo anaphika ndi manja awo nkutumiza mbale kwa a Zakeyo monga nkhoswe. A Zakeyo anathokoza, nkupatsa mbaleyo munthu wina. Bana Mulenga anaona. Anasunga mumtima.

Patapita nthawi fakitale imene Mulenga ankagwirako inatsekedwa. Iye ndi Misozi anasamukira kwa amayi ake ku Chawama. Misozi anali ndi pakati pongoyamba, ndipo fungo la nyemba linkamusanzitsa. Anabweza mbale ya apongozi ake osaikhudza, kawiri. Kachitatu apongoziwo anamupatsa chikwama chake. Anati abwerere kwawo kwa anthu odya zosankha.

Misozi anafika akulira. Ine ndinali pakhonde. Anandigwadira, kupereka moni, nkupitirira. Anakalirira m'kachipinda kakuseri. Ndinamva akunena kuti mwamuna wake amamufuna, ndipo safuna mwana abadwe wopanda atate.

Loweruka m'mawa a Zakeyo anamwa phala lamadzimadzi lokha, anavala jekete ndi chipewa. Nkhani za ankhoswe bambo sapitako. Ine ndinapita wosaitanidwa. Mwana ndi wanga.

Tinakhala m'chipinda chochezera, ife awiri, bana Mulenga, ndi mlongo wawo amene anali nkhoswe ya kuchimuna. Mulenga anakhala pansi pafupi ndi chitseko, mutu uli pakati pa mawondo. A Zakeyo anafotokoza za mimba ya Misozi. Kenako anafotokoza za yawo, zonse, osabisa, pamaso pa mayi wachilendo. Ine ndinayang'ana denga. Malata ake anali okhomedwa mokhota.

Bana Mulenga anadikira amalize.

"Ba Mwale, ku chipatala anapeza chani?"

"Sanapeze kanthu, mayi."

"Mwamvela? Sanapeze kanthu. Matenda yabwanji yosankha ndiyo? Ayo ni matenda ya ku mayadi. Ise ndise osauka, inde, koma sindise mfiti. Pa ukwati munabweza mbale yanga pamaso pa anthu. Manje mwana wanu nayenso abweza. Muganiza niikamo chani?"

Anakambirana mpaka dzuwa linafika pamutu. Mlongo wawo uja anali munthu wofatsa, ndipo pomaliza anagwirizana kuti Misozi abwerere. Bana Mulenga sanavomere ndi pakamwa. Anangodzuka nkupita kukhitchini.

Mwambo wake ndi wodziwika. Mlandu ukatha anthu amadyera pamodzi. Wokana kudya ndiye kuti mumtima mwake mlandu sunathe. Mayi uja anabwera ndi nsima, nyemba zofiira ndi saladi, anyezi akuyandama pamwamba, ndi kabichi. Pambali anaika tiyi wamkaka. M'chaka chimenecho chinali chakudya chaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti saladi wa mwezi wonse anathera mmenemo. Anaika mbale patsogolo pa a Zakeyo ndi manja awo. Anagwada. Sanadzuke.

Akaidi onse a a Zakeyo anali pa tebulo limodzi. Ndinatsamira kumbuyo. Zaka zonsezo ndinkamva kuti munthu uyu ndi wanzeru. Ndinati nzeruzo zimutulutse pano tione.

Anasamba m'manja. Anapemphera pemphero lalifupi. Anatema mbamu, kuiviika mu nyemba, nkumeza. Anatemanso. Anadya kabichi. Anadya osafulumira, ngati munthu amene ali kwawo. Mbale itatsala pang'ono kutha anaikweza.

"Mayi, mumaphika. Onjezaniko msuzi."

Mu msuzi ndi mmene munali anyezi. Bana Mulenga anawayang'ana nthawi yaitali. Anathira msuzi. A Zakeyo anaumaliza, kupukuta mbale ndi nsima, nkumwa tiyi yense. Pamenepo mayi uja anaomba m'manja, natembenukira kwa mwana wake.

"Iwe, uchita chani pansi apo? Mailo kukacha ukatenge mkazi wako."

Ine ndinadya mbale ziwiri. Palibe anaona.

Titatuluka ndinalunjika kokwerera basi. A Zakeyo anandigwira mkono.

"Alamu, basi siima pamene munthu wafuna. Tiyende."

Amene amadziwa Lusaka akudziwa kutalika kwa Chawama ndi Matero. Tinatsata njanji. Poyamba ankayenda bwino, akundiuza za milandu yakale ya kukhoti. Kenako anasiya kulankhula. Thukuta linatsika m'chipewa. Mimba inayamba kulira moti ndinkaimva ndili pambali. Anamasula lamba. Tisanafike m'tauni anapatuka kulowa pakhomo pa munthu. Chimbudzi chinali ndi loko, monga zimakhalira m'komboni.

"Odi, mayi! Ndine mlendo. Ndithandizeni kiyi."

Mayi wa panyumbapo ankachapa. Anawayang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato.

"Ba tate, mwadya chani?"

"Nyemba za apongozi."

Mayi uja anaseka mpaka kugwira bafa, koma kiyi anapereka, ndi madzi m'chitini. Potuluka a Zakeyo anavula chipewa kuthokoza ngati achokera mu ofesi.

Pakhomo lachiwiri anatipatsanso. Lachitatu bambo wake anatikaniza, anati chimbudzi chadzaza ndipo si cha boma. Panalibe nthawi yotsutsana. Pafupi ndi njanji panali udzu wofika m'mawondo basi, ndipo anthu ankadutsa ochokera kumsika. A Zakeyo anavula jekete nkundipatsa. Nkhope yawo inali yotuwa. Ndinatambasula jekete ndi manja awiri, kuwafulatira, nkuima. Ndamanga makoma ambiri pa moyo wanga. Tsiku limenelo khoma ndinali ine. Anyamata ena anaima kuti aonerere. Ndinawayang'ana kamodzi, anapitirira.

Titayambanso kuyenda anatsamira phewa langa. Anali wopepuka ngati thumba lopanda simenti.

"Munadyeranji zonse?" ndinafunsa. "Mukanangolawa."

"Wolawa ndi amene akuopa mankhwala. Mayi uja amaona mbamu iliyonse."

"Nanga msuzi woonjezera?"

"Mbale inali ya Misozi. Msuzi unali wa ali m'mimbayo."

Tinafika dzuwa likulowa. Pageti anandiuza kuti Misozi asamve. Ine ndinauza Esinati yekha, kuti aseke za jekete. Sanaseke. Analira, ndipo m'mawa mwake Misozi anali atamva zonse.

A Zakeyo anagona masiku ambiri. Anabwerera ku phala ngati tsiku loyamba, ndipo zakudya zimene anazimasula kale zinayamba zawakana kaye. Anazibwezera chimodzichimodzi, osadandaula. Nkhani inafika ku Chawama. Bana Mulenga anabwera okha ku Matero atasenza mpunga ndi phava la nthochi. Anaima pakhomo pa kachipinda.

"Ba Mwale, ndimwe opusa. Simunakambe bwanji?"

"Ndinakamba, mayi."

"Munakamba na pakamwa. Anthu onse akamba na pakamwa."

Kuchokera pamenepo ku Chawama kunagulidwanso kapoto. Tipoto tinakhala tiwiri mu mzinda umodzi, tonse ta munthu mmodzi. Mwana anabadwa wamwamuna. Anamutcha Zakeyo. Dzina langa ndine Laitoni. Ndili ndi adzukulu ambiri tsopano, ndipo palibe Laitoni.

Misozi akhoza kukuuzani ali m'tulo zimene amalume ake sankadya. Amadziwa kuti therere la amalume sathira soda wambiri, kuti tomato amasenda, kuti anyezi sayenera kukhudza ngakhale mpeni. Ana ake amadziwanso. Munthu wa mimba yovuta amafunsidwa tsiku lililonse: mwadzuka bwanji, ichi chikuyanjani, tikuphikireni chiyani. Munthu wa mimba yabwino amangomuikira mbale.

Mimba imene anailondera moyo wonse sinawaphe. Anafa ndi sitiroko, m'mawa, ali pakampando kawo, akusankha nkhwani. Anali atakalamba bwino, mano onse alimo. Pamaliro amayi anaphika nyemba ndi kabichi m'migolo, anyezi wochuluka. Anthu anadya nkumayamika malemu. Bana Mulenga, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anakana mbale. Anatulutsa nthochi m'chitenje nkudya pamaso pa onse. Palibe anawanena.

Tsiku lotsatira maliro Esinati anakoleza mbaula, anaikapo kapoto, anawiritsa nkhwani. Atathira mchere ndi pamene anakumbukira. Anakhala pansi kanthawi. Kenako anabwera nako kwa ine.

"Idyani, zingatayike."

Aka kanali koyamba kudya za m'kapoto kameneko. Munalibe anyezi, munalibe saladi. Zinali zosakoma. Munthu uja anadya zimenezi zaka zonsezi ine ndikumuchitira kaduka. Ndinamaliza, chifukwa sinditaya chakudya.

Misozi anali akulongedza mapoto obwereka. Anaima, nandiyang'ana ngati wandiona koyamba.

"Adadi, kodi imwe mukonda vakudya vabwanji?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinafufuza. Zaka zonsezi ndinkadikira funso limeneli, koma yankho sindinakonze.

"Chilichonse," ndinatero.

Anagwedeza mutu nkupitiriza kulongedza.

Kachipinda kakuseri ndi kotseka. Chipewa chili pa msomali. Pansi pa mpapaya pali timaenje tinayi pamene miyendo ya kampando inalowa m'dothi, ndipo Esinati akamasesa amatilambalala. Nkhwani wayanga mpaka pa mpanda, palibe wothyola. Kapoto anakatsuka nkukavundikira pa thandala. Chimbudzi chili ndi mpata tsiku lonse.

Zotayika ndi izi. Mbumba yataya mwini wake. Esinati wataya mlongo. Misozi wataya atate amene anadzisankhira yekha. Otupa mimba a ku Matero ataya khoti lawo. Ine ndataya munthu mmodzi amene ndinkamuonera mazira.

Nkhuku zilipo zina, zikuikira. Dzira la lero lili pawindo. Palibe walipempha, ndipo ine sindinalikhudze.